Ku Chifunde: Kuuza Ana za Chipata Chimene Chidatsekera Makolo Awo Kunja



Boma la Chifunde lili kumpoto kwa chigawo cha Tete m'dziko la Mozambique, ndipo lidachita malire ndi dziko la Zambia. Kummawa kwake kuli boma la Macanga, kummwera kuli Chiuta, pamene kumadzulo kuli Marávia. Pa kalembera wa mu 2007 kudapezeka anthu opitirira 100,000, ochuluka mwa iwo Achewa, olankhula chinenero chomwe mukuwerengachi, chimene boma la kumeneko limachitcha Chinyanja. Tinakhalako masiku asanu, ife abusa ndi akulu a mpingo angapo, pa msonkhano wa achinyamata a msinkhu wa sukulu. Mwa maphunziro onse amene anaperekedwa tasankha kukusimbirani limodzi, la mbiri ya ufulu wa kuvota, chifukwa tikhulupirira kuti likukhudza mpingo uliwonse umene uli ndi ana.

Dziko ndi anthu ake

Wochokera mumzinda wa Tete amawoloka Zambezi pa mlatho wa Samora Machel, natsata msewu wa N9 wolowera kumpoto mpaka ku chipata cha Cassacatiza. Poyamba ulendowu umadzera m'dziko lotentha, la milambe, mbuzi ndi matumba a makala oimikidwa m'mbali mwa msewu. Mukapitirira Manje, likulu la boma la Chiuta, dziko limayamba kukwera pang'onopang'ono, mphepo nkuyamba kuzizirako, ndipo mitengo ya mombo ndi masuku imalowa m'malo mwa milambe ija. M'midzi mumaoneka nkhokwe za chimanga ndi zigafa za fodya. Mumsewu mumadutsa malole akuluakulu onyamula katundu pakati pa Zambia ndi doko la Beira, koma mukangopatuka pa phula, njira zambiri ndi za fumbi m'chilimwe ndi matope m'dzinja. Mitsinje ya Luia ndi Kapoche, imene imatsikira ku Zambezi, ikadzaza imadula midzi ina kwa masiku.

Dziko limeneli ndi lakale m'mbiri ya Achewa. Cha kuno nkumene kudali Mano, likulu la mfumu Undi, ufumuwo usadasamukire ku Northern Rhodesia m'zaka za m'ma 1930. Lero Kalonga Gawa Undi amakhala ku Mkaika m'boma la Katete, ndipo mwezi wa Ogasiti uliwonse mafumu a Achewa ochokera m'maiko atatu amapita kukalamba kumeneko. Malire amene adagawa mtundu umodziwu adachokera pa pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la pa 11 Juni 1891. Pa pangano limenelo sipadakhale Mchewa ngakhale mmodzi. Kotero lero mwana wa ku Chifunde amaphunzira m'Chipwitikizi, msuweni wake wa ku Katete amaphunzira m'Chingerezi, koma akakumana pa maliro kapena pa ukwati onse amaimba nyimbo imodzi ndi kupemphera m'chinenero chimodzi. Tanena zimenezi poyamba chifukwa nkhani ya chisankho imayambira pomwepa: makolo athu adawagamulira za moyo wawo osawafunsa.

Mayeso a unzika

M'nthawi ya atsamunda, malamulo a Apwitikizi adagawa anthu a ku Mozambique pawiri. Kudali nzika, ndiponso kudali anthu otchedwa indígena, ndiko kuti eni dziko akuda. Munthu wa gulu lachiwirili ankapereka msonkho, ankayenda ndi kabuku kotchedwa caderneta, ankatha kugwidwa kukagwira chibalo, ndipo m'madera ambiri ankamukakamiza kulima thonje logulitsa pa mtengo woikidwa ndi boma. Koma pa zosankha atsogoleri adalibe mawu.

Chipata chotulukira m'gulu limeneli chidalipo, koma chopapatiza. Munthu wakuda ankatha kupempha kuti alembedwe ngati assimilado, kutanthauza wofanizidwa ndi Mpwitikizi. Lamulo la mu 1917 ndi limene lidayambitsa chikalata chake ku Mozambique, ndipo mtolankhani João Albasini pamodzi ndi anzake a ku Lourenço Marques adalitsutsa poyera, poona kuti nchipongwe kuti munthu akapemphe chikalata chomuyenereza kukhala nzika m'dziko limene adabadwira. Lamulo la mu 1954 lidandandalika zoyenereza zake: akhale woposa zaka 18, azilankhula Chipwitikizi molondola, akhale ndi ntchito kapena chuma chokwana kudyetsa banja lake, akhale wa makhalidwe abwino ndi wotengera kakhalidwe ka Apwitikizi, ndiponso asakhale wothawa usilikali. Woweruza ngati munthu wakwanitsa zonsezi adali mkulu wa boma lomwelo. Pa kalembera wa mu 1950, mwa anthu oposa 5 miliyoni a m'dziko lonse, olembedwa ngati assimilado sadakwane 5,000.

Lamulo logawa anthuli adalithetsa pa 6 Sepitembala 1961, nkhondo itabuka ku Angola ndiponso maiko atayamba kudzudzula Portugal. Pa pepala aliyense adasanduka nzika, koma chipata chidangosuntha malo, pakuti njira yaikulu yolowera m'kaundula wa ovota idali kudziwa kuwerenga ndi kulemba Chipwitikizi. Pa chisankho cha mu 1973, chomaliza cha atsamunda, olembedwa m'kaundula sadafike ngakhale awiri pa anthu 100 alionse. Tisaiwale kuti ku Portugal komweko kudalibe chisankho chaufulu mu ulamuliro wa António Salazar ndi Marcelo Caetano, mpaka pamene asilikali adagwetsa bomalo pa 25 Epulo 1974. Motero ngakhale owerengeka amene adaloledwa kuvota sakadatha kusintha kanthu ndi voti yawo.

Sukulu ndi mpingo

Mayeso a kuwerenga amaoneka ngati achilungamo kufikira munthu atafunsa kuti sukuluzo zidali kuti. Apa mbiri ya chisankho ikukumana ndi mbiri ya mipingo yathu. Mu 1909 amishoni a mpingo wa Dutch Reformed adatsegula mishoni ya Mphatso ku Angónia, nayamba kuphunzitsa anthu kuwerenga m'chinenero chawo. Mu 1922, chaka chimene Buku Lopatulika lathunthu lidasindikizidwa m'Chinyanja, boma la Apwitikizi lidatseka ntchitoyo. Kuyambira pamenepo akhristu ambiri a m'malire ankawoloka kukabatizidwa, kukadya Mgonero ndi kukaphunzira ku Nyasaland kapena ku Northern Rhodesia, kumene kudali mishoni monga Mlanda, Nyanje ndi Nsadzu. Koma wophunzira kutsidyako ankabwerako ndi Chinyanja ndi Chingerezi, zinenero zimene sizinkawerengedwa pa mayeso a unzika.

Pangano la Portugal ndi Vatican la mu 1940, pamodzi ndi lamulo lotsatira la mu 1941, lidapereka maphunziro a ana akuda m'manja mwa mishoni za Chikatolika. Sukuluzo zidali zochepa, zotalikirana ndi zosowa zipangizo. Nchifukwa chake pofika tsiku la ufulu, pa 25 Juni 1975, anthu oposa 90 pa 100 alionse sankadziwa kuwerenga ndi kulemba. Sitikunena izi pofuna kuneneza abale athu Akatolika, pakuti pakati pawo padatuluka mboni zolimba mtima. Ansembe a White Fathers adachoka m'dzikomo mu 1971 posafuna kuoneka ngati akuvomereza nkhanza za boma, ndipo ansembe ena ndiwo adaulula za kuphedwa kwa anthu a ku Wiriyamu, pafupi ndi mzinda wa Tete, pa 16 Disembala 1972. Mwezi womwewo Mbusa Zedequias Manganhela, mtsogoleri wa mpingo wa Presbyterian ku Mozambique, adafera m'ndende ya Machava m'manja mwa apolisi achinsinsi. Nthawi imeneyo nkuti nkhondo yomenyera ufulu ili mkati kuno kumpoto kwa Tete, kumene gulu la Frelimo lidaiyambitsanso mu Malichi 1968 polowera ku Zambia, ndipo anthu ambiri a m'midzi atawasonkhanitsa mokakamiza m'midzi yolonderedwa ndi asilikali.

Mmene phunziro linayendera

Mbiri yonseyi ikadangowerengedwa ngati mndandanda wa zaka, ana akadagona. Koma amene anatsogolera phunziroli, mphunzitsi wa sukulu ya pulayimale yemwenso ndi mkulu wa mpingo, anayamba mwa njira ina. Anasonkhanitsa achinyamata onse pansi pa mtengo wa mango nawauza kuti pachitika chisankho cha komiti yogawa ntchito za pa msonkhano, monga kutunga madzi, kutola nkhuni ndi kutsuka mbale. Onse anaimirira mokondwa. Kenaka anayamba kutchula zoyenereza chimodzichimodzi, m'Chipwitikizi chokhachokha. Amene sanamve anawauza kuti akhale pansi. Amene makolo awo sali pa ntchito yolandira malipiro pa mwezi, akhale pansi. Amene kwawo sadyera pa tebulo, akhale pansi. Otsalawo anawapatsa chiganizo choti awerenge, ndipo iye yekha ndiye ankagamula ngati awerenga molondola. Mwa achinyamata pafupifupi 60 anatsala atatu. Atatuwo anavota, nasankhana okhaokha, ndipo ntchito zonse anazigawira anzawo okhala pansi aja.

Phokoso limene linabuka pamenepo silinali lamasewera. Mnyamata wina anaimirira nati: "Aphunzitsi, nanga ife tilakwa chiyani? Madziwo titunge ndife, koma posankha tikhale pansi?" Aphunzitsiwo anadikira mpaka mkwiyo utatsika, kenaka anawauza kuti zimene zawachitikira kwa mphindi 20 zidawachitikira agogo awo kwa moyo wonse. Atatero analemba pa bolodi mafunso anayi oti mwana aliyense azifunsa akaona lamulo lililonse lokhudza chisankho. Walemba lamuloli ndani? Woweruza ngati munthu wakwanitsa ndani? Kodi onse adapatsidwa mwayi wofanana wokwanitsira? Nanga otsala kunja ndi ati? Tinaona kuti mafunso amenewa ndiwo anali mtima wa phunziro lonse, chifukwa tsankho la pa chisankho silibwera kawirikawiri ndi dzina lake lenileni. Limabwera litavala malaya a dongosolo.

Madzulo a tsikulo anaitana agogo ena a mumpingo, a zaka zopitirira 80, kuti asimbe zimene adaziona ndi maso. Anafotokoza za msonkho, za minda ya thonje yoyezedwa ndi chingwe, ndi za mbalamatodya, chithabwa chobowolabowola chimene ankamenyera anthu m'manja ku ofesi ya boma. Anasimba mmene adayendera usiku ali mnyamata kuwoloka malire kukayamba sukulu ya mishoni, ndi mmene adaponyera voti yawo yoyamba yachinsinsi mu 1994, imvi zitayamba kale. Mtsikana wina anafunsa mwaulemu kuti: "Agogo, nanga tsiku limenelo mudavotera yani?" Iwo anaseka nati: "Mdzukulu wanga, ngakhale agogo ako aakazi adapita osadziwa. Chinsinsi chimenecho ndicho tidachidikira zaka zonse zija." Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, yankho limenelo linaphunzitsa za voti yachinsinsi koposa mmene ife tikadachitira ndi ulaliki wathunthu.

Chipata chomwecho m'maiko ena

Tsiku lotsatira ana anaphunzira kuti zimenezi sizidali za Apwitikizi okha. Ku Nyasaland, pa chisankho cha pa 15 Ogasiti 1961, kudali makaundula awiri, wapamwamba ndi wapansi, ndipo munthu ankalowamo molingana ndi chuma ndi maphunziro ake. Kaundula wapamwamba, wa anthu masauzande owerengeka okha, udasankha aphungu 8, pamene wapansi, wa anthu oposa 100,000, udasankha aphungu 20. Ku Northern Rhodesia nako makaundula otere adagwira ntchito pa chisankho cha mu 1962, ndipo munali mu Januwale 1964 pamene anthu wamba onse achikulire adavota koyamba. Ku South Africa anthu a mitundu yonse adaima pa mzere umodzi pa 27 Epulo 1994.

Chimene chinawadabwitsa kwambiri achinyamatawo ndi nkhani ya ku America. Kumeneko anthu akuda adali gulu lochepa, pafupifupi mmodzi pa anthu khumi alionse, ndipo malamulo a dzikolo adawapatsa amuna akuda ufulu wovota mu 1870. Koma m'zigawo zakummwera adawatsekereza ndi msonkho wa kuvota, mayeso a kuwerenga oweruzidwa ndi mlembi wachizungu, ndiponso ziwopsezo. M'chigawo cha Mississippi, chisadafike chaka cha 1965, anthu akuda olembedwa m'kaundula sadakwane 7 pa 100 alionse oyenera kuvota. Pa 7 Malichi 1965 anthu oyenda mwamtendere kuchokera mumzinda wa Selma adamenyedwa ndi apolisi pa mlatho wa Edmund Pettus. Anthu amenewa ankasonkhana m'matchalitchi, ndipo mtsogoleri wawo wodziwika, Martin Luther King Jr., adali mbusa wa mpingo wa Baptist. Pa 6 Ogasiti chaka chomwecho Pulezidenti Lyndon Johnson adasaina lamulo loteteza ufulu wovota, ndipo pofika 1967 olembedwa ku Mississippi adali pafupifupi 60 pa 100.

Aphunzitsi aja anakumbutsa ana kuti Eduardo Mondlane, amene chithunzi chake amachiona m'mabuku a sukulu, adaleredwa m'sukulu za mishoni ya Swiss ndipo adaphunzira ku America, ku Oberlin ndi ku Northwestern, m'zaka za m'ma 1950, pamene kulimbana kumeneku kunkayamba kukula. Kenaka anawafunsa kusiyana kwa maiko awiriwa. Ana anayankha okha kuti ku Mozambique ochepa adatsekera ambiri, pamene ku America ambiri adatsekera ochepa, koma loko wake adali mmodzimodzi. Yankho limeneli linatsegula mbali yovuta ya phunziro: ambiri nawonso amatha kupondereza.

Ufulu utabwera

Nkosavuta kuphunzitsa ana zoipa zimene adachita alendo. Nkovuta, koma nkofunika, kuwauza zimene tidachitirana tokhatokha. Pa chisankho choyamba cha Mozambique wodzilamulira, mu 1977, chipani chidali chimodzi, ndipo m'midzi anthu ankavota pa msonkhano pokweza manja onse akuona. Mafumu amene adatumikira pansi pa atsamunda, pamodzi ndi anthu amene adakhalapo m'magulu a boma lakale, adaletsedwa kusankha kapena kusankhidwa.

Gulu lina laling'ono lidazunzika m'maiko athu mosinthanasinthana. A Mboni za Yehova adaletsedwa ku Malawi mu 1967, ndipo chifukwa chokana kugula khadi la chipani adamenyedwa, nyumba zawo zidatenthedwa, ena adaphedwa. Mu 1972 zikwizikwi zidathawira ku Sinda Misale m'dziko la Zambia ndi ku Mlangeni m'dziko la Mozambique. Kuyambira mu 1975 boma latsopano la Mozambique lidatengera a Mboni a m'dzikomo ku misasa ya Carico m'boma la Milange. Ife timasiyana nawo kwambiri pa chiphunzitso, ndipo iwo mwa chikhulupiriro chawo savota. Koma tinawauza ana kuti ufulu wa kuvota uli ndi mbale wake, ndiye ufulu wosakakamizidwa pa za ndale, ndipo mkhristu amene amangolira ufulu wa mpingo wake wokha sadamvetse chilungamo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Malamulo oyendetsera dziko a mu 1990 adalola zipani zambiri ndi voti yachinsinsi ya munthu aliyense wachikulire. Nkhondo yapachiweniweni idatha ndi pangano la ku Rome la pa 4 Okutobala 1992, mipingo itagwira ntchito yaikulu yoyanjanitsa mbali ziwirizo. Anthu oposa miliyoni imodzi amene adathawira ku Malawi, ndi ena amene adali ku Ukwimi cha ku Petauke, adayamba kubwerera kumabwinja awo. Pa 27, 28 ndi 29 Okutobala 1994 anthu pafupifupi 88 pa 100 alionse olembedwa adakavota. Pa pepala lovotera padali zithunzi ndi zizindikiro, ndipo wosadziwa kulemba ankatha kudinda chala. 

Otsala kunja lero

Malamulo a mu 2004, amene akugwira ntchito lero, amanena m'ndime 35 kuti nzika zonse nzofanana pamaso pa lamulo, posayang'ana khungu, mtundu, chipembedzo, kumene munthu adabadwira, maphunziro ake kapena mbali yake pa ndale, ndipo ndime 73 imapereka voti yofanana ndi yachinsinsi kwa onse. Kuyambira mu 2004 nzika zokhala kunja, kuphatikizapo za ku Malawi ndi Zambia, zimavota nawo, ndipo pa mipando 250 ya m'nyumba ya malamulo, iwiri ndi yawo. Izi nzoyenera kuyamikira Mulungu.

Komabe titabweretsa funso lachinayi lija, lakuti otsala kunja ndi ati, achinyamatawo sanasowe mayankho. Anatchula anthu obadwira kothawa nkhondo, amene alibe chikalata cha kubadwa, ndipo kwawo kuno ena amawatcha a ku Zambia kapena a ku Malawi. Anatchula amayi amene sadapite ku sukulu, omwe amachita mantha kulowa mu ofesi imene zonse zimalankhulidwa m'Chipwitikizi. Anatchula okalamba, olumala ndi osaona, amene malo olembetsera ali kutali ndi mudzi wawo. Anatchula banja limodzi kapena awiri m'mudzi amene amatsata chipani chosiyana ndi cha anzawo, nayamba kusalidwa pa chitsime ndi pa maliro. Palibe lamulo lolembedwa lotsekera anthu amenewa, koma mtunda, chinenero, mantha ndi kusowa pepala zimagwira ntchito imene kale inkagwiridwa ndi lamulo.

Anawa sakhala kuthengo. Amamvera wailesi ndipo ena ali ndi mafoni. Akudziwa kuti zotsatira za chisankho cha pa 9 Okutobala 2024 zidatsutsidwa kwambiri, ndi kuti pa zionetsero zotsatira mabungwe omwe si a boma adawerenga anthu oposa 300 amene adataya miyoyo. Mmodzi wa iwo anafunsa ngati kuvota kuli ndi phindu. Sitinamunamize kuti zonse zili bwino. Tinamuuza kuti kuba voti ndi umboni wonama, tchimo loletsedwa m'lamulo lachisanu ndi chinayi, kaya wakubayo ndi wa chipani chiti. Ndiponso kuti amene amasiya kuvota chifukwa chokhumudwa amadzitsekera yekha chipata chimene agogo ake adachitsegula ndi misozi. Ambiri mwa achinyamata amenewa adzakhala atakwana zaka 18 pofika chisankho chachikulu choyembekezeka mu 2029. Zimene akuphunzira lero ndizo adzapite nazo pa mzere.

Zimene Malemba akutiphunzitsa

Tinatseka phunzirolo ndi Machitidwe a Atumwi 6:1-6. Mumpingo woyamba wa ku Yerusalemu mudali magulu awiri a chinenero, ndipo olankhula Chihelene adadandaula kuti amasiye awo ankawalambalala pogawa chakudya cha tsiku ndi tsiku. Atumwi sadawadzudzule kuti akugawa mpingo, ndiponso sadasankhe okha anthu okonza vutolo. Adaitana gulu lonse la ophunzira, nalipatsa udindo wosankha amuna asanu ndi awiri. Tikawerenga maina a osankhidwawo tipeza kuti onse ndi maina a Chihelene, ndipo womaliza, Nikolao wa ku Antiokeya, sadabadwe Myuda nkomwe. Gulu lidapereka udindo m'manja mwa mbali imene idadandaula, ndipo vesi lotsatira likutiuza kuti mawu a Mulungu adapitirira kufalikira. Levitiko 19:33-34 amatilamula kuchitira mlendo monga mbadwa, pa chifukwa chakuti Aisraele nawonso adakhalapo alendo ku Ejipito. Tanthauzo lake nlakuti kukumbukira masautso athu kuyenera kubala chifundo kwa ena, osati kubwezera. Ndipo Yoswa 4 akusimba za miyala 12 imene idaimikidwa ku Giligala ndi cholinga chakuti ana adzafunse, makolo nkuyankha.

Pempho lathu ku mipingo

Choyamba, mpingo uliwonse uli ndi okalamba amene adaona chibalo, makaundula awiri, makhadi a chipani kapena misasa ya othawa nkhondo. Chaka chilichonse tikuika m'manda ena mwa iwo pamodzi ndi zimene akudziwa. Aitaneni ku Sande sukulu ndi ku misonkhano ya achinyamata, ndipo wina alembe zimene akunena.

Chachiwiri, phunzitsani nkhani zimenezi m'chinenero cha ana. Chigawo cha Tete chili ndi mbiri yabwino pa zimenezi, pakuti kuyambira 1993 mpaka 1997 nkuno kumene boma lidayesera kuphunzitsa ana m'Chinyanja pamodzi ndi Chipwitikizi, monga lidachitira ndi Chichangana ku Gaza, njirayo isadafalikire ku zigawo zina. Chinenero chimene kale chidali chifukwa chotsekerera munthu kunja chikhale lero chipangizo chomufotokozera ufulu wake.

Chachitatu, thandizani osowa mapepala. Limbikitsani makolo kulembetsa ana akangobadwa. Pa nthawi ya kalembera wa ovota, lamulo la ku Mozambique limalola kuti munthu wopanda chiphaso achitiridwe umboni ndi anzake awiri olembedwa kale pamalopo, kapena ndi atsogoleri a chipembedzo ndi mafumu. Abusa ndi akulu a mpingo achite umboni umenewu mokhulupirika, osakana woyenera ndiponso osavomereza wosayenera. Achinyamata a njinga anyamule okalamba, ndipo osaona adziwitsidwe kuti ali ndi ufulu wolowa ndi munthu amene amusankha okha.

Chachinayi, zisankho zathu za mumpingo zikhale zoyera. Ana amaona mmene timasankhira akulu a mpingo, atumiki ndi atsogoleri a amayi. Ngati maudindo amangozungulira m'banja limodzi, ngati obwera kuchokera kwina samvedwa, ngati mavoti amawerengedwa mseri, ndiye kuti phunziro lathu la Lachisanu tikulifafaniza Lamulungu.

Chachisanu, guwa lisasanduke nsanja ya chipani. Pa Mgonero wa Ambuye amakhalapo anthu a zipani zosiyana, ndipo onse ndi nkhosa za Mbusa mmodzi. Ntchito yathu ndi kuphunzitsa chilungamo, kudzudzula chinyengo ndi chiwawa kulikonse kumene zachokera, ndi kuteteza wochepa mphamvu.

Tikupempha kuti mukumbukire m'mapemphero anu akhristu a ku Chifunde, Mualadzi ndi Nsadzu, aphunzitsi amene akutumikira m'sukulu zakutali, mabanja amene adataya abale awo pa zipolowe, ndiponso onse amene ali ndi udindo woyendetsa zisankho m'maiko athu atatu, kuti aziopa Mulungu koposa anthu.